Matayala Obwerera M'mbuyo pa Msewu wa ku Dedza

Zimene ndinataya m'mwezi umodzi wa Juni ndi izi. Mkazi wanga Esnati. Mawu ake amene anali mu foni, chifukwa foniyo inasowa pamaliro pomwepo. Tebulo lake la tomato pamsika wa ku Glen Norah, limene linapatsidwa kwa wina sabata isanathe. Tulo. Ndi mwana wathu Mphatso, wa zaka zisanu, amene sanamwalire ayi, koma ndinamusainira ndekha kalata yodutsira pamalire.

Pa zonsezi, chomalizachi ndi chokhacho chimene chikanatheka kubwerera. Choncho mu Disembala, fakitale itatseka, ndinagula tikiti ya basi.

Ine ndinabadwira ku Harare konkuno. Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, bambo anga anakulira pafamu, ine ndinakulira ku Glen Norah. Kwathu Chichewa chinali cha m'nyumba, Chishona cha panja. Esnati anali wa ku Dedza weniweni. Anabwera ali mtsikana kudzakhala ndi azakhali ake amene ankagwira ntchito kumayadi. Atamwalira tinamuika kuno. Amalume ake, a Chisale, anabwera pamodzi ndi apongozi anga aakazi, ndipo tsiku lachitatu anati mwana apite nawo, poti mbumba ndi ya kuchikazi. Ndinavomera. M'masiku amenewo ndikanavomera chilichonse. Pamaliro sindinalire, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti apongozi anga anaziona zimenezo.

Ntchito yanga ndi yokonza mamota a magetsi pa fakitale ina ku Southerton. Tili ndi nyale ina imene timayezera liwiro la gudumu lozungulira. Nyaleyo siyaka mosalekeza, imaphethira mofulumira kwambiri. Kuphethira kwake kukafanana ndi kuzungulira kwa gudumu, gudumulo limaoneka ngati laima, pamene likuthamanga moti likhoza kudula dzanja. Nyale ikafulumira pang'ono, gudumu limaoneka likubwerera m'mbuyo, chifukwa kuwala kulikonse kumalipeza litatsala pang'ono kufika pomwe linali, ndipo diso limalumikiza zithunzizo molakwika. Ndinaziphunzira kukoleji ndipo ndinkakonda kuzifotokoza mopitirira muyeso. Esnati ankanditcha aphunzitsi. Tili pachibwenzi ndinamuyendetsa m'mbali mwa mipanda iwiri yachitsulo ku Willowvale, wina kuseri kwa unzake, kuti aone mizere yakuda imene imathawira kumbuyo iwe ukamayenda chamtsogolo. Iye anaona, kenaka anati anyamata ena amagulira atsikana chipisi.

M'mawa wa ulendo kombi, minibasi ya kuno, inadutsa pamipanda yomweyo. Ndinayang'ana mawondo anga.

Anatiuza kuti basi inyamuka dzuwa likamatuluka. Dzuwa linatuluka, linakwera, ife tili pompo m'tauni, anyamata a katundu akukangana ndi firiji imene imakana kulowa pansi pa basi. Ndinali pawindo. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire ndithu, wa mpango wobiriwira, amene anadzitchula kuti Nambewe. Kwawo ndi ku Lilongwe, ndipo amabwera kawirikawiri kudzapikula juwisi wa m'mabotolo ndi mabulangete. Katundu wake wina anali pansi, wina pamwamba pa mitu yathu, wina pamapazi anga.

Mwadzidzidzi anagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri.

“Mayo ine! Mabuleki! Tikubwerera kumbuyo!”

Sitinasunthe n'komwe. Basi ya pambali pathu ndiyo imanyamuka. Ndinangowalozera mtengo wa magetsi umene unali chiimire. Anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kumasula manja.

“Inu simuyankhula?”

“Ndimayankhula, mayi.”

“Chabwino. Ulendo ndi wautali, tiona.”

Titadutsa ku Murewa ndinagona pang'ono. Ku Mutoko tinaima kuti anthu atambasule miyendo, ndipo amayi ogulitsa anazinga basi ndi mabeseni a tomato ndi mango pamutu. Tomato wa Esnati ankachokera kumeneko. Ankadziwa kusankha bokosi pongolinunkhiza. Sindinatsike. Mayi Nambewe anandigulira mango awiri osandifunsa, n'kuwaika pamiyendo panga ngati akusungitsa.

Ku Nyamapanda tinafika dzuwa lili pamutu. Amene sanadutsepo pamalire amenewa m'chilimwe sadziwa kudikira. Anatilamula kutsitsa katundu yense, mpaka firiji ija, n'kumuyala pansi m'mizere, aliyense aime pa wake. Woyang'anira anali atapita kukadya. Atabwerako, makina a mu ofesi anali atazima. Atayaka, panafika basi ina imene kondakitala wake ankadziwana bwino ndi anthu a pamenepo. Ife tinangoima, mthunzi wathu uli pansi pa nsapato.

Potsitsa chikwama changa ndinapeza chanyowa ndipo chikumata. Botolo limodzi la Mayi Nambewe linali litaphulika ndi kutentha, ndipo juwisi anatsikira m'chikwamamo mpaka mu envulopu ya makalata. Chikalata cha kubadwa kwa Mphatso chinapulumuka chifukwa chinali mu pulasitiki. Cha imfa ya Esnati chinali chachikasu theka lonse. Popanda chimenechi, pobwerera akanandifunsa kalata ya chilolezo ya mayi wake wa mwana, ndipo ndikanasowa chowaonetsa.

Ndinachitulutsa pang'onopang'ono kuti chisang'ambike, n'kukachitsamiza pa waya wa mpanda, nditachigwira m'makona. Inki sinafufutike. Kuseri kwa waya umenewo kunali waya wina, ndipo ndikangosuntha mutu, mizere ikuluikulu yakuda inkayenda pamawayawo ngati mafunde. Palibe chimene chinkayenda. Ndi timabowo ta waya uwu tikukumana ndi kusemphana ndi ta winayo, basi. Ndinatseka diso limodzi n'kupitiriza kugwira pepala langa.

Mayi Nambewe anabwera akupepesa kuyambira patali. Atafika pafupi anawerenga dzina ndi zaka, ndipo anasiya kupepesa. Anagwira makona awiri a m'munsi, tinayanika tonse.

“Anali akazi anu?”

“Eya.”

“Ndiye ku Dedza mukukatani?”

“Ndikukatola mwana wanga.”

“Mukukatani?”

“Kukatola mwana.”

“Anagwa kuti mwanayo? Pamsewu?”

Sindinamve chimene akutanthauza. M'Chishona kutora ndi kutenga, ndipo ife a ku Glen Norah timangotembenuza chilembo chimodzi n'kumayesa tayankhula Chichewa. Esnati ankandiseka pa mawu ambiri, koma limeneli linamudutsa, kapena anali atatopa.

“Mwana wanga, tamverani,” anatero Mayi Nambewe. “Munthu amatola ndalama yogwa. Amatola mango pansi pa mtengo. Chotola n'chopanda mwini. Mukakanena zimenezo pamaso pa amalume ake a malemu, mudzabwerera ndi chikwama chanu chomatachi basi.”

“Ndiye ndikati kutenga?”

“Kutenga mumatenga chanu chimene munasungitsa. Munasungitsa?”

“Ndinasaina.”

“Ndiye mukapempha. Tanenani.”

“Ndabwera kudzapempha mwana.”

“Osati ngati mukuwerenga mita ya magetsi. Bwerezani.”

Ndinabwereza kanayi, titagwira chikalata cha imfa pa waya, ntchentche zikutera pa juwisi. Kenaka anatiitana kuti tikadinditse.

Mbali ya Mozambique sanatichedwetse kwambiri. Msewu unalowa m'dziko la milambe ndi miyala yotentha. Tisanafike ku Changara, kumbuyo kwa basi kunamveka phokoso ngati munthu wamenya chitseko ndi chikwapu, ndipo dalaivala anaimika pambali. Lamba wa fani anali ataduka. Wapadera analibe. Kondakitala anaimitsa lole n'kupita kukafuna wina ku Changara, ife tinabalalika kufunafuna mthunzi.

Pamalopo panalibe nyumba, panalibe madzi. Patapita nthawi panatulukira amayi awiri ndi chidebe cha maheu, ngati anachita kumva fungo la anthu ovutika. Ndalama zathu za mitundu itatu anazikana ziwiri. Mayi Nambewe anasinthanitsa botolo la juwisi ndi makapu asanu ndi limodzi, n'kugawira amene anali ndi ana. Dalaivala, mdala wa Chishona amene aliyense ankangomutcha Mhofu, anagona pansi pa basi chipewa chili kumaso.

Panali bambo wina wa mimba yaikulu ndi malaya a timu ya mpira, amene kuyambira ku Harare ankajambula chilichonse pa foni. Anajambula firiji, anajambula mzere wa pamalire, anajambula maheu. Anati amatumizira akazi ake, chifukwa sakhulupirira kuti iye amakhaladi pa ulendo.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, ndi lamba wosiyana pang'ono ndi woyamba. Ndinavula malaya n'kuthandiza kumukoka ndi kumanga mabawuti, poti ndi ntchito ya manja anga. Mhofu analiza injini. Anthu anaomba m'manja. Bambo wa foni uja anayandikira kuti ajambule, ndipo anakuwa.

“Zimitsani! Mwaika chobwerera! Fani ikuzungulira chakumbuyo!”

Anthu anaunjikana pa foni. Zoonadi, pagalasipo mapiko a fani ankayenda pang'onopang'ono chobwerera, moonekeratu. Wina anati injini ipsa tisanafike ku Tete. Wina anati msuweni wake anafera m'basi yotero. Mayi wina anayamba kutsitsa ana ake amene anali atakwera kale. Mhofu anayang'ana foni, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti wayamba kukayika. Anauza kondakitala m'Chishona kuti abweretse masipanala amasulenso zonse.

Tikanamasula, mdima ukanatipeza pomwepo, ndipo tsiku lina likanapita. Masiku anga a tchuthi anali owerengeka. Ndinang'amba kachidutswa ka jumbo, n'kukagwira kunja kwa rediyeta. Kanayamwidwa n'kumamatira pazitsulo.

“Onani,” ndinatero. “Mphepo ikulowa. Fani ikanakhala yobwerera, kapepalaka kakanauluzidwa kubwera kwa ine.”

“Nanga foni ikunama?” anafunsa mwini wake. “Foni yodula iyi, achimwene.”

“Foni siona mosalekeza, bambo. Imaphethira. Imajambula zithunzi zambirimbiri n'kuzilumikiza. Ikaphethira koyamba, phiko lili apa. Ikaphethiranso, phiko lotsatira latsala pang'ono kufika pamalo omwewo. Ndiye inu mukuyesa ndi phiko lomwe lija labwerera. Mhofu, tapondani mafuta pang'ono.”

Anaponda. Pa foni fani inaima nji, kenaka inayamba kupita kutsogolo. Anthu anaseka, ena anafuna aonenso. Bambo uja anati kanema ameneyu satumiza, chifukwa akazi ake anena kuti ngakhale basi yake ndi yabodza.

“Kani mumayankhula,” anatero Mayi Nambewe.

Aka kanali koyamba kufotokoza zimenezi chichokere m'chipatala mmene anagonekedwa Esnati, ndipo mawu ake anali omwewo, mundondomeko yomweyo. Ndinapita kuseri kwa mlambe ngati ndikukataya madzi. Anachita kundiimbira hutala kawiri.

Tinagona ku Tete, m'basi momwemo, chifukwa Mhofu anakana kuyenda ndi lamba wachilendo mumdima. M'mawa tinawoloka Zambezi. Pansi pa mlatho mabwato awiri anali atangosemphana, ndipo mafunde awo ankalowana. Pena ankakwerana n'kutalika, pena ankathetsana, madzi n'kukhala bata ngati sipanadutse kanthu. Ndinaganiza za zilankhulo ziwiri za m'kamwa mwanga, ndipo ndinayambanso kubwereza chamumtima mawu amene ndinaphunzitsidwa.

Kuchokera ku Moatize msewu unayamba kukwera, kutentha kunatsalira m'munsi. Pamalire a ku Dedza tinafika masana, kukuwomba kamphepo kozizira, anthu akugulitsa mbatata ya kachewere m'zidebe. Apa ndi pamene ndinatsikira. Mayi Nambewe anatulutsa mutu pawindo.

“Mukanena chiyani?”

“Ndabwera kudzapempha.”

“Ndipo musakaime ngati wapolisi. Mukakhale pansi. Tengani botolo ili, mukapatse apongozi. Ili silinaphulike.”

Minibasi, kenaka njinga ya kabaza, zinandifikitsa pa kamsika kamene a Chisale amakonzerapo njinga. Ndinawapeza atagadamiza njinga, akuzunguza tayala ndi kuliyang'ana ndi diso limodzi kuti aone pamene lapindika.

“Azimbabwe afika!” anatero. “Mwaonda, bambo. Kapena ndi fasho ya kumeneko?”

Anatseka msanga n'kunditengera kunyumba. Mphatso anali pakhonde akusenda nyemba ndi agogo ake. Anali atatalika, tsitsi atamumeta. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabwera, anagwada, n'kundipatsa dzanja atagwira chigongono.

“Muli bwanji?”

Ku Glen Norah ankandithamangira kuyambira pageti akukuwa kuti baba, baba. Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iye.

Tinakhala pansi m'mawa mwake, pamphasa kuseri kwa nyumba. Panali a Chisale, abale ena awiri, ndi apongozi anga chapatali, atapenya kumbali monga mwa mwambo, poti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. A Chisale anayamba ndi kundithokoza. Anati miyezi yakwana, ndipo ndachita bwino kubwera ndekha osadikira kuitanidwa. Anati iwo akonzeka kundisudzula, kundimasula pa ukwati wa mwana wawo, kuti ndikakhale mfulu, ndikapeze mkazi wina, poti ndikadali mnyamata. Za Mphatso ndisadandaule, ali pakati pa eni ake.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti iwo ankayesa ndabwerera zimenezo. Ankandichitira chifundo.

“Zikomo, amalume,” ndinatero. “Koma sindinabwere kudzasudzulidwa. Ndabwera kudzato…” Lilime linali litapita kale. Ndinaligwira. “Ndabwera kudzapempha. Ndikupempha mwana ndikakhale naye.”

A Chisale anatembenukira kwa mlongo wawo. “Mwamva? Amafuna atole, akumbukira panjira.” Abale aja anaseka pang'ono. Apongozi anga sanaseke. Anayankhula kwa mchimwene wawo, osati kwa ine.

“Afunseni ngati analira. Ine mwana wanga ndinamuika m'dziko la eni, mwamuna wake ali gwa ngati mtengo wa magetsi. Mdzukulu wanga akakalira kumeneko, adzamutonthoza ndani?”

Panjira ndinali nditakonza mayankho a sukulu, a chipatala, a amene adzamusamale ndikakhala kuntchito. Onsewo ndinawaika pambali.

“Pamaliro sindinalire,” ndinatero. “Ndinalira dzana, kuseri kwa mlambe ku Mozambique, chifukwa cha fani ya basi.”

A Chisale anayamba kuseka, kenaka anaona nkhope yanga n'kusiya. Ndiye ndinawauza za fani ina, ya m'chipatala, ndi zimene Esnati ananena, zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinazinena m'Chichewa changa chothyokathyoka, ndipo palibe anandikonza. Nditamaliza, apongozi anga anali atafunda chitenje kumutu.

Patapita nthawi a Chisale anati, “Mukudziwa chimene mukupempha? Tikapanda kukusudzulani, ndinu mkamwini wathube. Simukwatira. Kuno kukagwa maliro, tidzakuitanani mudzakumbe nawo manda. Denga ili likadontha, ndi lanu.”

“Ndikudziwa.”

“Tidzakufunsaninso chaka chamawa. Munthu amasintha.”

“Mudzandifunse.”

Apongozi anga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinayesa nkhani yathera pomwepo. Anatuluka ndi kapulasitiki ka shuga, m'kati muli pasipoti ya Mphatso, n'kukaika pamphasa pafupi ndi mchimwene wawo.

“Auzeni kuti Disembala aliyense mwana azibwera. Ndipo azimuyankhula Chichewa, ngakhale chawo chomwecho.”

Ndinakhalako masiku anayi kuti Mphatso andizolowerenso. Ndinathandiza a Chisale kuwongola matayala, ndipo ndinaona kuti diso lawo limaposa zida zanga. Tsiku lachitatu mwana anandibweretsera madzi osagwada. Lachinayi anandifunsa m'Chishona, monong'ona, ngati chidole chake cha nsalu chikadali pawindo.

Pobwerera tinakwera basi pamalire pomwe paja. Chikalata chachikasu chija anachiyang'ana kawiri, anachinunkhiza, n'kudinda. Mphatso anakhala pawindo, mawondo ali pampando. Tikudikira kuti ena amalize kudinditsa, lole yaitali imene inaima pambali pathu inayamba kunyamuka. Mwana anagwira mkono wanga.

“Baba! Tikubwerera kumbuyo! Onani, tikubwerera!”

Ankaseka, maso ali pagalasi. Mtengo wa magetsi unali pomwepo, ndipo chala changa chinali chitadzuka kale kuti chiuloze. Ndinachibweza.

Tsiku lomaliza limene Esnati anayankhula m'chipatala linali Lachiwiri, masana. Magetsi anali atazima ndipo anayatsa jenereta, moti nyale yaitali ya kudenga inkanjenjemera. Pakhoma panali fani. Esnati anali asanayankhule kuyambira m'mawa. Kenaka anati, bambo a Mphatso, taonani, fani ija ikubwerera m'mbuyo. Ine, poti zina zonse zimene ndikanamuuza zinkandikanika, ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za kuphethira kwa nyale, za phiko lotsatira, za diso limene limalumikiza molakwika. Anandilola ndifike pakati. Kenaka anaika dzanja lake pa langa, ndipo atanena mawu otsatirawa anagona, osayankhulanso mpaka Lachitatu m'mawa pamene anatisiya.

“Ndikudziwa kuti ndi maso chabe, aphunzitsi. Ndisiyeni ndione ikubwerera.”